Chitsononkho mu Injini ya a Mulepa

Khalani pansi amayi, khalani, mwaimba mokwanira. Tsopano ndipatseni bwalo ine. Inu muli kumbuyoko sendezani mabenchi, mawu ndili nawo koma sindifuna wina akanene kunyumba kuti sanamve. Mulungu ndi wabwino, wabwino, wabwino, ndipo lero ndikuuzani pamene anandipezera. Sanandipeze kuphiri ndikusala kudya. Sanandipeze pa msonkhano wa chitsitsimutso. Anandipeza nditaweramira mu boneti ya galimoto, manja ali bii ndi oyilo.

Amene simundidziwa, ndine Esinati, mkazi wa malemu a Mulepa, wa ku Bangwe konkuno kumtunda kwa msika. Pakhomo ndili ndi zidzukulu zimene ana anga anandisiyira. Pikapu yoyera mwaiona panjapo pansi pa mtengo wa mango, yothothoka penti kumbuyo ija, ndi yanga. Woyendetsa ndine. Eee, musayang'anane, ndine ndithu, ndi duku langa lomweli.

Galimoto imeneyi anagula ndi a Mulepa atapuma pa ntchito. Tinkanyamula kabichi ndi matimati a amayi ogulitsa pamsika, kuchoka ku Bvumbwe kubwera nazo ku Limbe ndi kuno ku Bangwe. Matenda a shuga atayamba kuwadya maso, anandiuza kuti, "Esinati, bwera kuno, ukhale uku." Anandiphunzitsira pa bwalo la mpira. Ankati, "Iwe, chiwongolero si munsi, usamasinje." Ine kuseka, iwo kukalipa, ine kuseka. Mpaka ndinatenga layisensi. Zilembo ndimaziona patalipatali, koma zikwangwani za pamsewu ndimazidziwa ngati nkhope za ana anga.

Kenako a Mulepa anatisiya.

Inu nonse muli muno mukulidziwa tsiku lija lotsatira maliro, anthu akamatola mphasa zawo, achibale nkukhala pakhonde kuyamba kuyang'ana katundu ndi diso lakumbali. Kwa ine anadzuka ndi alamu anga a Wedisoni, mng'ono wawo wa malemu. Anatambasula dzanja. "Alamu, makiyi." Ine ndinati ayi, mwini wake ananena pamaso pa ana kuti galimotoyi ndiyo idzalere adzukulu. Akulu a mpingo anali pomwepo, anandiikira kumbuyo. A Wedisoni anabweza dzanja m'thumba, nkuseka pang'ono. "Chabwino. Tiona ngati galimoto ya mwamuna ingamvere mkazi."

Inandimvera. Dzinja lonse inandimvera, m'matope, m'zitunda, osadandaula.

Ndiye tsiku lina m'mawa tili pa Bvumbwe, tapakira kabichi mpaka pamwamba, ndinamva injini ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, ndi kafungo ka oyilo wopserera. Ndinatsegula boneti. Pamwamba pa injini pali chivundikiro chachitali, ndipo pa chivundikiro chimenecho pali kabowo. M'kabowomo munkalowa kachinthu kakang'ono ngati chala changa chachikuluchi, kolumikiza ku paipi yakuda. Tsiku limenelo kachinthuko kanali katazuka, kali lende pa paipi yake, kabowo kaja kakupuma fu, fu, fu, kakulavula timadontho ta oyilo. Ndinakabwezera. Tisanafike patali, kazukanso. Ndinakabwezera. Kazukanso.

Tsono amayi, ine ndine mayi. Chidebe chikabooka timamata. Thumba likang'ambika timasoka. Denga likadontha timatseka. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutseka mabowo. Pambali pa msewu panali mayi wina akuwotcha chimanga. Ndinatola chitsononkho, ndinachisema ndi mpeni wosendera kabichi, ndinachilowetsa pa kabowo paja, nkuchikhomerera ndi mwala, gu, gu, gu. Paipi ija ndinaipinda pamodzi ndi kachinthu kake, nkumanga ndi chingwe cha mpira wa chubu. Fu fu uja anatha. Amayi a kabichi anandiombera m'manja. "Agogo ndinu makaniko, agalaja agona ndi njala chaka chino." Ine kudzimva. Ndinayendetsa tsiku limenelo mapewa ali m'mwamba.

Sipanapite nthawi. Pamalo pamene ndinkaimika galimoto pakhomo panayamba kuda. Oyilo kudontha kutsogolo, oyilo kudontha kumbuyo, oyilo kuchucha m'mbali mwa chivundikiro. Ndikathira, yamwa. Ndikathira, yamwa, ngati mlendo wa pa ukwati wapeza mbiya ya thobwa. Kumbuyo ku ekizozi utsi wabuluu uli tolo. Ndikamadutsa pa depoti ya Limbe anyamata oitanira maminibasi ankakuwa, "Agogo, mwalembedwa ntchito yopha udzudzu?" Amayi anga a kabichi anayamba kutsika mmodzimmodzi. Ankati masamba akununkha utsi, ogula akukana. Sindiwada. Nawonso ali ndi ana.

A Wedisoni anabwera, anaima pakhomo, anayang'ana dothi lakuda lija, anapukusa mutu. Sanakalipe ayi. Analankhula motsitsa, ngati munthu wachisoni. "Alamu, mchimwene sakugona. Utsi mukuuonawu ndi mkwiyo wake. Akudonthawa si oyilo, ndi misozi. Ndinakuuzani ine."

Mukudziwa mtima wa mayi wamasiye. Uli ngati chilonda chatsopano, ngakhale ntchentche itere umamva kuwawa. Mawu aja analowa. Ndinayamba kudzifunsa, kodi ndinawasamala mokwanira a Mulepa? Kodi tsiku lija ndinawayankha mwano anapita nalo kumanda? Kugalaja sindinapite. Ndikanapitiranji? Ndinkati mzimu sakonza ndi sipanala. Za chitsononkho sindinaganizeko n'komwe, chifukwa chimenecho kwa ine chinali ntchito yabwino imene ndinagwira.

Ndinapita kwa sing'anga. Anapha nkhuku yanga, anapaka zopakapaka m'mateyala, anamanga kachithumwa pansi pa mpando. Utsi uli tolo. Ndinapita kwa wina wodzitcha mneneri. Anawaza madzi pa boneti, anaimenya ndi chikhatho kuti chiwanda chituluke. Utsi uli tolo. Mapeto ake ndinaiimika. Mateyala anaphwa, nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pake, ana a m'mudzi anaisandutsa nyumba ya masanje.

Ine amene ndinkatsogolera nyimbo muno, amene ndinkagwedeza chisekese mpaka abusa kuvina, ndinachipachika pa msomali. Pakhosi panauma. Tulo tinathawa. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kanjira kotsikira kwa Nachisale, wotcheza kachasu. Poyamba ndinati kakapu kamodzi kuti ndigone. Kenako kakapu kuti ndidzuke. Kenako kakapu kuti ndiiwale kakapu koyamba. Jekete la a Mulepa linapita kwa Nachisale. Mapoto anapita. Wailesi inapita. Nsalu yanga ya chigwirizano, yomwe ija tinasoka tonse, inapita. Ena mwa inu munabwera kudzandiona, ine ndinabisala kubafa mpaka munatopa. Ndinkakumvani mukundiitana. Ndinkakumvani.

Pansi penipeni ndinafika masana ena dzuwa likuswa mtengo. Ndinadzidzimuka ndili m'ngalande ya pamsewu waukulu, nsalu itamasuka, ana a sukulu akuweruka. Pakati pawo panali mdzukulu wanga Tadala ndi anzake. Anavula juzi ya sukulu, anandifunditsa, nkutembenukira anzake aja. "Agogo anga akudwala malungo," anatero. Mwana kunama chifukwa cha ine. Amayi, ngalande inali yonunkha, koma bodza la mwana uja linandinunkhira kuposa ngalande.

Ndinatumiza mawu kwa a Wedisoni kuti mwapambana, bwerani mudzatenge galimoto yanu, mwina mchimwene wanu agona, nanenso ndigone. Koma pamenepa iwo sankaifunanso yoyendetsa. Anati tiigulitse kwa ophwasula magalimoto ku Ndirande, tigawane. Ndinavomera. Ndinkadziwa kumene gawo langa likathere, ndipo Nachisale ankadziwanso.

Apa tsono mverani bwino. Wa mwana wolira uyo mpatseni bere.

Anabwera m'mawa, ine mutu ukugunda ngati ng'oma. A Wedisoni anali ndi mkulu wina wamfupi, wa ndevu zoyera ndi kachisoti koyera ka Chisilamu, dzina lake Che Saidi. Ntchito yawo ndi kugula magalimoto akufa, kuwaphwasula, nkumagulitsa ziwalo. Anandipatsa moni, anaizungulira galimoto, anathamangitsa nkhuku. Atafika kumbuyo anaima, anagwira chitsulo cha m'mbali.

"Iyi si ya Che Mulepa iyi?"

"Ndi yomweyo," anayankha a Wedisoni. "Tchulani mtengo, tisachedwe."

Che Saidi sanawayang'ane. Anayang'ana ine. "Mayi, galimoto iyi inanyamula mkazi wanga kupita naye kumanda kwathu ku Chiradzulu. Mvula inali ikugwa, ena onse atakana msewu. Ine ndinakhala apa, pakona apa, nditagwira maliro kuti asagwedezeke." Anapukuta dzanja pa malaya. "Tatsegulani boneti, ndione chinaipha."

Ndinatsegula. Anaweramira. Anakhala ataweramira nthawi yaitali, mpaka ine ndinati mkuluyu wagona. Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Anali akuseka, kuseka kopanda mawu.

"Anabzala chimanga muno ndani?"

A Wedisoni anasuzumira. "Ndi za asing'anga izo. Zisiyeni."

"Si za asing'anga," ndinatero ine. "Ndine. Panali pobooka, ndinatseka." Ndipo ndinanena monyadira, amayi, ndi mutu wanga wogundawo.

Che Saidi anandifunsa, "Munatseka liti? Utsi usanayambe kapena utayamba?"

Ndinabwerera m'mbuyo m'mutu mwanga mpaka pa Bvumbwe, pa mayi wowotcha chimanga uja. Ndinagwira chitseko cha galimoto.

"Usanayambe," ndinatero.

"Eya. Mayi Mulepa, mukatereka nyemba, nkuvundikira, nkutsindira mwala pamwamba pa chivundikiro, chimachitika n'chiyani?"

"Zimasefukira m'mbali."

"Basi. Injini ikamagwira ntchito, m'mimba mwake mumadzaza mpweya wotentha. Mpweyawo uli ndi khomo lake, ndi kabowo aka. Umadutsa mu kavalavu aka, umayenda mu paipi iyi, umabwerera kukapsa limodzi ndi petulo. Kavalavu kakakalamba kamamatika ndi phala la oyilo, mpweya nkusowa njira, nkumakakankha. Ndiye kuzuka munkakuona kuja. Injini inkapempha kupuma. Inu munaitseka mphuno. Oyilo akanalowera kuti? Anatuluka paliponse pamene anapeza mpata."

Anamasula chingwe changa cha mpira, anazula kachinthu kaja pa paipi, anakabweretsa pa khutu langa, nkukagwedeza. Zii.

"Mwamva chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye kakufa kameneka. M'kati muli kachitsulo kotsegula ndi kutseka. Kamoyo, ukakagwedeza, kamalira."

A Wedisoni anatsokomola. "Che Saidi, ife tabwerera malonda, osati sukulu."

"Ine ndimagula zakufa, bambo. Iyi yangotsamwa."

"Nanga mzimu wa mchimwene wanga? Mukuudziwa inu?"

"Mchimwene wanu ndinkamudziwa. Pakamwa anali napo. Akanakwiya akanabwera ndi mawu, sakanavutika ndi utsi."

Amayi, ine ndinaseka. Kuseka koyamba chichokereni a Mulepa. Ndinaseka misozi ikutsika, chifukwa zinali zoona, munthu uja sankasunga mawu m'mimba ngakhale tsiku limodzi. Ndiye miyezi yonseyi ndinkawanamizira amuna anga ali chigonere mwamtendere, pamene wopalamula anali chitsononkho.

Ndinatambasula dzanja kuti ndichizule pomwepo. Dzanja linakana. Linkanjenjemera, zala zikuvina zokha, osatha kugwira. Che Saidi anayang'ana dzanjalo, anayang'ana nkhope yanga. Fungo analimva kalekale, anangokhala ndi ulemu. Anabweza dzanja langa pang'onopang'ono.

"Osati ndi manja awa. Mugwetsera zinyenyeswa m'kati, tiyambe mlandu wina. Kavalavu katsopano ndikapeza ine, ndi paipi yake, ndi kampira kake. Si zinthu zodula. Koma woika sindine. Dzanja limene linakhoma ndi lomwe lizule. Ndipo galimoto imene inanyamula mkazi wanga sindingaidzutse kuti ikaphe ana a eni pamsewu. Manja akakhazikika, munditumizire mawu."

A Wedisoni anamenya boneti ndi chikhatho. "Alamu, munavomera kale kugulitsa. Mwezi uno ukatha ili pamalo pomwepa, ndibwera ndi wogula wina wosadziwa nthano za maliro. Awa kusiya mowa? Ha." Anapita.

Ndiye nkhondo inaima chonchi: uku galimoto, uku kakapu, pakati manja anga awiriwa.

Sindikunamizani kuti ndinangoti Ameni mowa nkuthawa. Ayi. Masana omwewo miyendo inanditengera yokha pa kanjira ka kwa Nachisale. Ndinafika mpaka pa mtengo wa mapapaya. Ndinabwerera, osati kunyumba, koma kwa mayi Nyirenda awo akhala apowo, amene anali namwino. Ndinagogoda, ndinati, "Amayi, ine ndimamwa." Iwo anati, "Tikudziwa, Bangwe yense akudziwa, lowani." Anandiuza kuti munthu amene wamwa kwambiri sasiya yekhayekha m'chipinda, thupi limatha kugwa khunyu. Anandiperekeza kuchipatala, anandipatsa mankhwala, ndinakhala kwawo masiku oyamba. Thukuta, kusanza, kuona zinthu zoyenda pakhoma. Iwo ali pambali ndi phala, akundinyoza m'Chitumbuka kuti ndimeze.

Nditabwerera kwathu, kanjira ka kuseri kaja ndinakatseka ndi minga. Pamenepo pokha ndi pamene kutseka bowo kunandithandiza. M'mawa uliwonse ndinkatenga singano ndi ulusi kukhala pakhonde moyang'anana ndi galimoto, kuyesa ngati manja akhazikika. Ulusi kupita uku, singano kupita uko. Mawa chimodzimodzi. Ludzu likandigwira ndinkatenga chidebe ndi sopo nkumakatsuka galimoto. Inatsukidwa galimoto ija, amayi, inayera ngati mkwatibwi isanayende n'komwe. Mwezi unali ukupita, ine ndikuyang'ana kumsewu ngati a Wedisoni akubwera. Ndiye m'mawa wina, mwezi utatsala pang'ono kutha, ulusi unalowa. Ndinauchotsa, ndinalowetsanso. Unalowa. Ndinatumiza mawu ku Ndirande.

Che Saidi anabwera ndi kajumbo m'manja ndi batire pa kabaza. A Wedisoni atamva anabweranso, anakhala pa mwala uko, mwendo pa unzake, kudikira kuseka. Che Saidi anapempha mpando, anakhala pambali, manja anapinda. "Ine lero ndine pakamwa chabe. Yambani."

Ndikuuzani mmene ndinachitira, chifukwa ena muli ndi magalimoto a amuna anu akuola pakhomo.

Injini izikhala yozizira. Poyamba ndinapukuta mozungulira kabowo ndi kansalu, kuti dothi lisagwere m'kati. Kenako chitsononkho. Chinali chitamwa oyilo, chakuda, chotupa. Ndinachigwira, ndinachipotokola pang'onopang'ono ngati ukuchotsa dzino la mwana logwedera. Chinatuluka chathunthu. Ndinachiyang'ana, ndinati, iwe, unandimwetsa kachasu iwe.

M'kamwa mwa kabowo muli kampira kozungulira kamene kamagwira valavu. Kakale kanali kouma gwa ngati makaka. Che Saidi anati, "Chenjerani, kameneko kamakonda kuthyoka nkugwera m'kati." Ndinakanyamula ndi nsonga ya sikuludiraiva, mbali ino pang'ono, mbali iyo pang'ono, mpweya nditaugwira. Kanatuluka. Dzanja lili phee. Ndinamva mayi Nyirenda kumbuyo kwanga akuthokoza Ambuye m'Chitumbuka, "Yewo, Fumu." Katsopano ndinakapaka kadontho ka oyilo, ndinakakanikiza ndi chala, kanakhala.

Paipi yakale inali yong'aluka pamene ndinaipinda paja. Ndinafinya kachitsulo kopanira ndi pulayala, ndinaizula, ndinaika yatsopano. Kenako Che Saidi anapisa m'jumbo, anatulutsa kavalavu katsopano, anandiika m'dzanja.

"Tagwedezani."

Ndinakabweretsa pa khutu. Ndinagwedeza.

Che, che, che.

Ndinagwedezanso. Che, che, che, che. Amayi, kanali kulira ngati chisekese changa chija ndinapachika pa msomali. Phazi linayamba lokha kuponda. Pakhosi pamene panauma miyezi yonse ija panatseguka, nyimbo inangotuluka yosaphunzira, yosakonzekera:

Kalira, kalira, kamoyo kalira,
ine ndinali zii, lero ndalira,
a Mulepa gonani, si inu, si inu,
chinali chitsononkho.

Mayi Nyirenda anapolokezera, oyandikana nawo anatuluka m'nyumba, ine ndikuvina ndi kavalavu m'mwamba. Che Saidi anati, "Mayi, kameneko ndi ka galimoto, si ka kwaya. Ikani."

Mbali yonenepa imalowa mu kampira pa chivundikiro, mbali yowonda imalowa ku paipi. Musasinthanitse. Ndinakanikiza mpaka kanati phu, kakhala. Ndinalowetsa paipi, ndinabwezera chopanira. Ntchito yeniyeni inathera pomwepo. Yonse. Chinthu chimene chinandilanda jekete la amuna anga, mapoto anga, nyimbo yanga, ulemu wanga pamaso pa mdzukulu, ntchito yake inali yaifupi kuposa kusenda mbatata za pa nkhomaliro.

Zotsala zinali zokolopa pamene chitsononkho chinaononga. Sefa ya mpweya inali itanyowa ndi oyilo, tinaika ina. Mapulagi anali akuda, ndinawatsuka. Oyilo wakale tinakhetsa, tinathira watsopano. Kachithumwa ka pansi pa mpando ndinakazula ndekha nkukaponya kudzala. Tinapopa mateyala, tinamanga batire. Ndinakhala pa mpando wanga, ndinapotokola kiyi.

Inatsokomola. Inatsokomolanso. Inalira.

Kumbuyo utsi unatuluka, wambiri, mpaka nkhuku kuthawa. A Wedisoni anadzuka pa mwala, mano onse panja. "Ndinanena ine. Mwini wake uyo." Ndinayang'ana Che Saidi. Iwo anangokweza dzanja. "Dikirani. Ndi oyilo wakale amene anatsalira mu ekizozi, akupsa. Bwerani kuno." Injini ikulira choncho, anandiuza kuti ndizule kavalavu pa kampira kake, ndiike chala kunsi kwake. Ndinaika. Kanandiyamwa chala, amayi. Kanakoka ngati khanda lanjala lapeza bere. "Ndiko kupuma kumeneko," anatero Che Saidi. "Bwezerani, tiyeni tikayende."

Tinatsika mpaka ku Limbe, tinakwera msewu wa ku Thyolo. Ine diso pa galasi. Utsi unali wabuluu, unasanduka wotuwa, unapepuka, unapepuka, mpaka m'galasi ndinayamba kuona msewu, mitengo, ndi minibasi ya kumbuyo imene kale inkabisika. Pobwerera tinadutsa pa depoti. Mnyamata mmodzi woitanira anandizindikira. "Agogo, udzudzu mwautha?" Ndinatulutsa mutu pawindo. "Watha mwanawe, tsopano ndayamba nsikidzi, samala."

Sindinena kuti inasanduka yatsopano. Galimoto yakale ndi yakale. Malo amodzi kunsi ankachuchabe chifukwa mpira wake unaphulika nthawi ya chitsononkho, ndipo umenewo anadzausintha ndi Che Saidi, ine ndikuwapatsira masipanala. Inenso ndine wakale. Pali masiku ena ludzu limabwera kudzagogoda. Likabwera sindikhala nalo ndekha, ndimapita kwa mayi Nyirenda, kapena ndimatenga chidebe ndi sopo. Nachisale ndimamupatsa moni pamsika, koma kanjira kaja mpaka lero kali ndi minga. Amayi anga a kabichi anabwerera mmodzimmodzi monga anachokera. Tadala akafuna kunena za agogo ake kusukulu safunikanso kupeka matenda.

Tsono iwe mnzanga wamasiye, amene wakhala chete uko, amene wina wakuuza kuti malemu akukwiyira. Usanapite kwa wopha nkhuku, pita kwa wotsegula boneti. Denga likadontha itana wokhoma malata, mwana akadwala pita kuchipatala, galimoto ikafuka utsi funsa makaniko. Amuna athu anatopa, asiyeni agone. Ndipo ngati uli ndi kanjira ka kuseri ngati kanga, usadikire ngalande. Gogoda kwa mnzako lero lomwe, unene ndi pakamwa pako. Udzapeza kuti akudziwa kale ndipo phala lili pamoto.

Mukufuna kudziwa za a Wedisoni. Ndikuona m'maso mwanu.

Anasowa nthawi yaitali, pakhomo osapondapo. Ndiye tsiku lina ndikuchokera ku Bvumbwe, kabichi ali pamwamba, mvula yayamba kuwaza, ndinaona munthu pa siteji akukweza dzanja kwa minibasi iliyonse, zonse zodzaza. Alamu anga. Ndinaima. Atazindikira galimoto anayang'ana kumbali ngati akuwerenga chikwangwani. Ndinaimba huta.

"Alamu, kwerani, munyowa."

Kutsogolo kunali mayi wa matimati ndi dengu lake, ndiye anakwera kumbuyo, anakhala pa kabichi. Titafika ku Bangwe anatsika, thalauza litanyowa, anabwera pawindo. Anayang'ana ku ekizozi. Kunalibe kanthu. Anakanda m'mutu.

"Ndiye kuti mwini wake wagona," anatero.

"Amene mukunenayo anagona kalekale, alamu," ndinatero ine. "Mwini wake ndi uyu ali pa chiwongolero, ali maso."

Chitsononkho chija ndachibweretsa, ichi, chidutseni m'mabenchi aliyense achigwire, koma chibwerere, ndimachisunga. Mayi Nyirenda, ndipatseni chisekese changa. Tikatha kuimba, onse a kumtunda kwa msika musavutike ndi kabaza. Kumbuyo kuli malo, ndipo nsalu zanu zoyerazo zikafika zoyera.